Tinagulitsa Ngongole ya a Nyagondwe

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Adada munawapeza? Ngati akadali ndi khalidwe lawo lija loyankha kuti "mbwenu", basi wawo wa Chitumbuka uja, pa nkhani iliyonse, apirireni, munawapirira kale kuno. Ndine Esnati wanu. Ndikulemba m'Chichewa chanu cha ku Kasungu, poti ndikudziwa kuti ngakhale kumeneko Chitumbuka simunachigwirebe. Ukwati wanu wonse munathera ku Mzimba kuno, koma mukati "yewo chomene" ana a pamsika ankabisa nkhope kuseka.

Kuno kukuzizira koopsa. Juni wa chaka chino walowa mwaukali, m'mawa udzu wa kuseri kwa nyumba ukumachita kuyera, madzi a mumtsuko osagwirika. Juzi yanu yofiira ija ndikuvala ndine. Batani lapakhosi linathothoka, ndipo mpaka pano sindinasokerere, ndikudziwa kuti mukanandinena.

Mpongozi wanu, mkazi wa mlongo wanga Wongani, anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi. Makutu ndi anu enieni, otambalala aja, ndiye tonse tangomupepesa mwanayo. Akamalira amakwinya pamphumi ngati mmene munkachitira wina akathira mchere wambiri m'ndiwo. Wongani akadali ku Luwawa kocheka matabwa, amabwera kumapeto kwa mwezi akununkha utomoni wa paini, manja ali zipserazipsera. Mowa wachepetsa, sindinganene kuti wasiya. Kumudzi chimanga chachitako ndithu ngakhale fetereza tinathira mochedwa, nkhokwe yafika m'chiuno. Fodya sitinalime. Chigafa chanu chinagwa ndi mvula yoyamba, ndipo kunena zoona palibe wa ife amene ali ndi mtima wanu wokhala tsiku lonse chiweramire kusankha masamba. Mdzukulu wanu Lusungu, wanga uja, ali Fomu 2, watalika kundiposa, pakamwa ndiye mpeni. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri, mmodzi anagwidwa ndi galu wa eni.

Ndazungulira mokwanira. Mukanakhala pano bwenzi mutandidula kale: "Esnati, ukayamba ndi nkhani za mbuzi ndiye kuti waswa kanthu." Ndaswadi kanthu, Amayi. Nyumba ya a Nyagondwe, mnzanu wa m'bungwe la amayi kutchalitchi, ija ili kuseri kwa msika wa pa Boma, akufuna kuigulitsa. Nkhani ili kukhoti ku Mzuzu, ndipo dzanja langa lili momwemo.

Mukukumbuka tsiku limene munawabweretsa ku ofesi kwathu? Ndinali nditangoyamba kumene ntchito pa kampani ija yobwereketsa ndalama zomangira nyumba. Munalowa mutavala chitenje chatsopano, iwo pambuyo panu atakumbatira mapepala a nyumba amene malemu amuna awo anawasiyira, atawakulunga m'pulasitiki ya shuga. Ankafuna kuwonjezera zipinda kuseri kuti azichititsa lendi, adzukulu awo amasiye aja apeze fizi. Ankaopa, mpaka pampando anangokhala cham'mphepete. Inu munawagwira dzanja n'kuti, "Nyagondwe, ukuopa chiyani? Pano pali mwana wathu." Anadinda chala, mapepala a nyumba anatsala kwathu ngati chikole, zipinda zinamangidwa, m'menemo munalowa manesi ochita lendi. Ine tsiku limenelo ndinaweruka ndikuyenda ngati ofesi yonse ndi yanga.

Anthu ena ankalipira ku ofesi, pawindo. Iwo ayi. Ankati pawindo pali galasi, ndipo munthu sungapereke moni pagalasi. Mwezi ukatha ankabwera kunyumba kwanga, ndalama atamanga pansonga ya chitenje, m'manja muli kambale ka mbatata kapena tomato wa ku Jenda. Ankakhala pamkeka, tifunsane za moyo, za ana, za miyendo yanu, ndiyeno n'kumasula mfundo ija. Mwezi woyamba ndinatulutsa buku la malisiti. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Mwana wane, mchombo wako ndinadula ndine. Lisiti ndi la anthu osadziwana." Nditakuuzani munaseka mpaka kutsokomola, munati ndisawachititse manyazi anzanu. Buku ndinabwezera m'chikwama ndipo sindinalitulutsenso. Ndalama ndinkakapereka ku ofesi m'mawa mwake, ndipo masiku amenewo zonse zinkalowa m'kompyuta bwinobwino. Sanaphonyepo mwezi, ngakhale chaka chija manesi anachedwa kulandira.

Zimene sindinakuuzeni ndi izi. Tsiku lina bwana wathu anatiitana n'kutseka chitseko. Anati kampani ikugulitsa ngongole. Ndinadabwa monga mmene mukudabwira inu panopa: ngongole n'kugulitsa? Ndikufotokozereni ndi fodya, poti ndiye mumamudziwa. Anatenga ngongole za anthu a ku Mzimba kuno, za aphunzitsi, za ogulitsa pamsika, za ocheka matabwa, n'kuzimanga pamodzi ngati belo, mapepala a nyumba zawo ali momwemo. Belo limenelo anagulitsa kwa kampani ina ya ku Blantyre. Iwonso akuti analigawa zidutswazidutswa n'kugulitsa kwa anthu andalama amene fumbi la Mzimba sanalipondepo. Kuyambira pamenepo, ndalama zimene a Nyagondwe ankamasula pachitenje sizinalinso za kampani yathu, zinali za anthu amenewo. Nyumba nayo, akalephera kulipira, olanda anali omwewo.

Masamba tinasankha ndife a mu ofesi. Panali ngongole zambiri zodwala, za anthu amene anasiya kalekale kulipira. Bwana anati zimenezo tizibise pakati, pamwamba tiike za anthu olipira bwino kuti ogula akayang'ana mitima ikhale pansi. Atafunsa kuti wolipira bwino kuposa onse ndani, ndinakweza dzanja ndine n'kutchula a Nyagondwe, monyadira. Nthawi yomweyo ndinakuonani m'chigafa, chaka chija munapeza Wongani akubisa fodya wankhungu pakati pa belo. Munamumasulitsa belo lonse dzuwa likuswa mtengo, iye akulira, inu mukuti, "Ku okushoni amatsegula pakati, ndipo dzina lolembedwa pasaka ndi langa." Musaganize kuti ndinaiwala, Amayi. Ndinakumbuka mawu onsewo, ndipo ndinapitiriza kutaipa.

Bwana anatiuzanso kuti tisauze wangongole aliyense, anthu angachite mantha n'kusiya kulipira. "Inu pitirizani kulandira, ife tizitumiza ku Blantyre." Miyezi yoyamba mwina ankatumizadi, sindikudziwa. Kenako tinauzidwa kuti kompyuta yawonongeka, ndalama tizingopereka m'manja mwawo. Malipiro athu, amene anali atayamba kuchedwa, anayambanso kubwera, koma ankabwera sabata yomweyo imene anthu alipira, ndalama zake zakuthaitha, zonunkha usipa ndi utsi. Tsiku lina mu envelopu yanga ndinapeza ndalama yopindidwa kang'onong'ono, mmene a Nyagondwe ankapindira kuti ikwane pamfundo. Ndinali nditailandira ndekha pamkeka dzulo lake. Sindine mwana, ndinazindikira kuti ku Blantyre sikukupita kanthu, tikudya ndife.

Nthawi imeneyo ndi ija miyendo yanu inayamba kutupa. Maulendo a ku Mzuzu, mankhwala ogula, galimoto yahayala chifukwa m'minibasi simukanakhoza kukhala. Ndinkadziuza kuti ndidzalankhula mukachira. A Nyagondwe ankabwera mwezi ndi mwezi, kumasula mfundo, kenako n'kulowa kuchipinda kukakusisitani mapazi ndi mafuta. Ine ndinkati, "Yewo, amama," n'kulandira ndi manja awiri. Inu muli chigonere munkandiyamikira kwa alendo kuti ndinabereka mwana wamkazi mmodzi koma ngati khumi. Simunachire.

Za bokosi lanu simukuzidziwa, poti munali mutagona kale. Wongani ankafuna kukukhomerani yekha ndi matabwa a ku Luwawa, anali atasankha kale owongoka bwino. Ndinamukalipira pamaso pa anthu. Ndinati amayi anga sangapite m'bokosi la paini ngati munthu wopanda ana. Ndinakagula lonyezimira, la zogwirira zachitsulo, mkati muli nsalu yoyera yofewa. Anthu pamaliro ankanong'onezana kuti Esnati wawalemekeza amake. Amene anakusambitsani ndi a Nyagondwe. Ndiwo anakuvekani bulauzi yanu yoyera ya kutchalitchi, kukumangani duku mmene munkamangira inu, mfundo kumbali, n'kukugonekani m'bokosimo. Sankadziwa kuti m'bokosi limenelo muli ndalama zawo. Ine ndinkadziwa, ndipo ndinalira kuposa onse, anthu n'kumati ndi chikondi chokhachokha.

Sipanapite nthawi, kunabwera akuluakulu ochokera ku Lilongwe, aja oyang'anira makampani obwereketsa ndalama. Anatenga mabuku ndi makompyuta, chitseko anakhoma ndi loko wawo. Bwana anali atasowa kale, ena akuti ali ku Joni. Ife tinabalalika, aliyense kukasaka kwake. Ine ndinapeza malo pa sitolo ina yogulitsa mbewu ndi fetereza, ndimakhala polandirira ndalama. Ndinkaganiza kuti zatha, koma paja munkati mlandu suola.

A ku Blantyre atatsegula belo lawo anapeza nkhungu yokhayokha. Nyumba za anthu osalipira aja zambiri zinali zopanda phindu, zina zosatha kumanga, zina mapepala ake okayikitsa. Yabwino, ya mapepala olongosoka, ya zipinda zalendi, pafupi ndi msika, inali imodzi. Anabwera anyamata ovala mataye, anamata chipepala pachitseko cha a Nyagondwe chonena kuti kuyambira pamene ngongole inagulidwa sanalipirepo kanthu, choncho nyumba igulitsidwa. Manesi anachita mantha, ena anasamuka. Amayi a kutchalitchi ndiwo anathamanga n'kupeza loya wina wachitsikana, wa aja othandiza osauka, ndipo iye anakatenga chiletso kukhoti kuti nyumba isagulitsidwe mlandu usanamveke.

Nkhani yake mmene ikumvekera si yovuta. Loya akuti ngongole yako ikagulitsidwa uyenera kuuzidwa. Ngati sunauzidwe, iwe n'kumalipirabe kumene unkalipira kale, ndiye kuti walipira ndithu, ogulawo akafune ndalama zawo kwa amene anawagulitsa. A ku Blantyre akuti iwo anagwirizana ndi kampani yathu kuti iuze anthu, choncho mayiyu anauzidwa, ndipo ngati analipira aonetse lisiti. Pakufunika munthu mmodzi woti aime anene zinthu ziwiri: ndalama ndinalandira ndine, ndipo sitinawauze. Lisiti palibe. Bwana palibe. Anzanga a mu ofesi sanaonepo a Nyagondwe pawindo ngakhale tsiku limodzi. Mkeka uja tinkakhalapo awiri.

Amayi ena a kutchalitchi amene anawaperekeza kwa loya ndiwo anandiuza zimene zinachitika, osadziwa kuti akundibaya. Akuti loya anafunsa, "Agogo, ndalama munkapereka kwa ndani?" Iwo anati, "Ku ofesi." "Inde, koma kwa ndani? Dzina lake?" "Ku ofesi." Anawafunsa m'Chitumbuka, anawafunsa m'Chichewa, anawanyengerera, anawauza kuti popanda dzina nyumba ipita. Iwo anangoyang'ana pansi n'kumakonza chitenje pamaondo. Mtsikana uja akuti anatuluka panja kukapuma mpweya. Dzina langa silinatuluke.

Ndipo ine ndinakhala chete, Amayi. Miyezi yathunthu. Bambo a Lusungu anandiuza kuti, "Ukakatsegula pakamwa, amene akamangidwe ndiwe. Kulandira ndalama pa ngongole imene ukudziwa kuti munagulitsa, umenewo ndi mlandu. Bwana wako ali kutali, iwe uli pafupi. Ndipo ndani adzakusungitsenso ndalama m'sitolo?" Sankanama. Ine ndinawagwira mawu amenewo ngati bulangete, ndinafunda. Popita kuntchito ndinasiya njira ya kuseri kwa msika, ndinayamba kuzungulira ya kuchipatala ngakhale ndi yaitali. Kutchalitchi ndinasintha benchi. Nditapita kumudzi kukaona manda anu ndinapeza posesedwa bwino, udzu wozulidwa, maluwa atsopano m'chitini. Nditafunsa, anati a Nyagondwe anabwera pa kabaza sabata yatha. Ndinakhala pansi pomwepo, koma ngakhale inu sindinathe kukuuzani kanthu, ndinangokuuzani za mbuzi.

Loweruka lapitali, mwezi utangotha, ndikuchapa pakhonde, ndinamva "Odi." Anali iwo. Aonda, Amayi, duku likuchita kuwakulira. Kambale ka mbatata kali m'manja monga kale. Ndinayala mkeka. Anafunsa za khanda la Wongani, anaseka za makutu, anafunsa ngati Lusungu akulimbikira sukulu. Kenako ndinaona zala zawo zikupita pansonga ya chitenje.

"Loya akuti ndisalipire kaye mpaka mlandu uthe," anatero. "Koma ine ndalama ya ngongole ikakhala m'nyumba siindigonetsa. Sunga ndiwe, mwana wane. Kwina sindikudziwako."

Anaiika pamkeka, yopindidwa kang'onong'ono. Pamenepo ndiye zinandikanika. Ndinagwada, ndinanena zonse, za belo, za dzanja limene ndinakweza, za envelopu, zoti ndinkadziwa ndipo ndinkalandirabe. Iwo ankangoyang'ana nkhuku zimene zinkatola madeya pabwalo. Nditamaliza anati, "Ndinkaona kuti chilipo. Unasiya kundiperekeza mpaka kumsewu, unkathera pageti." Ndinawauzanso za bokosi, poti ndinafuna kuti andimenye ndi mawu, andilavulire, chilichonse. Iwo anangoti, "Mbwenu ndalama yanga inagwira ntchito. Bokosi lija linali labwino, mnzanga Nabanda anagona bwino."

Ndikanakonda akananditukwana. Ndinawauza kuti ndipita ku Mzuzu ndikanene zomwezi pamaso pa woweruza. Apo ndiye nkhope inasintha, sindinawaonepo atakwiya chotero. "Ndapota, usayerekeze. Ine ndakalamba, ndikagona kwa mlongo wanga kumudzi, ana agawanagawana achibale. Kwatsala pang'ono ndikumane ndi amayi ako. Akandifunsa kuti mwana wanga unamusiya kuti, ndikati chiyani? Kundende? Ukakwera galimoto ya ku Mzuzu, pakhomo panga usadzapondenso." Anadzuka okha, anakana kuti ndiwagwire mkono. Mbatata anasiya, ndalama anasiya.

Ndaganiza, Amayi, mpaka mutu kuwawa. Mlongo wawo amene akunenayo ali ndi nyumba ya zipinda ziwiri ndi mkazi amene sanawakondepo. Adzukulu aja wamkulu akulemba mayeso chaka chino, wamng'ono amatsokomola nyengo yozizira ikafika. Kuwagawa kwa achibale ndiye kuti sukulu yatha. Zonsezi a Nyagondwe akuzidziwa kuposa ine, koma asankha ine. Asankha chifukwa cha inu, chifukwa cha mawu amene munanena mu ofesi muja mutawagwira dzanja. Munati pano pali mwana wathu. Iwo mawuwo akuwasungabe, amene ndinawataya ndine.

Lolemba ndinapita kwa loya uja. Ndi kamtsikana kakang'ono, kovala nsapato zakutha kumbuyo, koma maso ake sathawa munthu. Nditanena kuti ndine "ofesi" imene agogo ankanena, anaika cholembera pansi. Sanandinamize. Anati a mbali inayo akandipanikiza ndi mafunso, akanditcha wakuba, ndipo akuluakulu a ku Lilongwe aja angathe kundiitana pambuyo pake. Za kundende anati sangalonjeze kuti inde kapena ayi. Za nyumba anati ndi umboni wanga mwayi ulipo waukulu, popanda ine palibe. Ndalama ija ya pamkeka ndinamupatsa kuti asunge iye, ndipo nthawi ino ndinapempha lisiti.

Mwini sitolo ndamuuza ndekha asanamve kwa anthu. Anangoti "tiona," ndipo kuyambira tsiku limenelo makiyi a kabati akusunga yekha. Bambo a Lusungu sakundilankhula, chakudya akudya koma. Wongani ndinamuimbira foni, ndinamupepesanso za matabwa ake aja. Anati anawasungabe, sanafune kugulitsa, apangira mwana bedi. Lusungu ndamuuza zonse, poti ndi bwino amve kwa ine kusiyana ndi kukamva pamsika. Sanayankhe mwamwano monga amachitira, anangotenga juzi yanu ija n'kusokerera batani.

Ndikuopa, Amayi, sindikubisirani. Ndikuopa woweruza, ndikuopa maso a anthu a pa Boma amene nyumba zawo zinali m'belo lomwelo, poti akamva kuti ndalankhula nawonso adzabwera, ndipo adzakhala akulondola. Koma chimene chikundiwawa kwambiri ndi chakuti ndikukachita zimene mnzanu wandiletsa, mayi amene anandidula mchombo. Akadzafika kumeneko n'kuyamba kudandaula, muwauze kuti sanandipereke ndiwo. Anakana mpaka pomaliza. Muwauze kuti ndi inu munandiphunzitsa kumasula belo dzuwa likuswa mtengo, akwiyire inu, mumadziwana.

Mundikhululukire za bokosi. Munayenera kupita m'matabwa a mwana wanu.

Perekani moni kwa adada, muwauze kuti ng'ombe yawo yakuda ikadalipo, yakalamba koma ikukokabe ngolo. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani chomene. Mlandu ukulowa Lachinayi, ndikwera minibasi yoyamba. Ndikulonjeza kuti ndikaima, ndikatchula dzina langa lonse, ndipo ndikatsegula pakati. A Nyagondwe akafuna anditsekere chitseko moyo wawo wonse, bola chikhale chitseko cha nyumba yawo.

Ndine mwana wanu,
Esnati